Chilolezo cha Kanyumba ka Kuseri

Ofelia ankatsuka makapu a anthu obwera kudzapepesa, koma maso ake anali pawindo. Kuseri, Nereida, mng'ono wake wa mayi ena, ankayanika zovala pakhonde la kanyumba kake ngati munthu amene sadzasamuka mpaka kalekale. Bambo awo, a Eusebio Barraza, anali atatha masiku anayi m'manda.

Kanyumbako kankamupweteka Ofelia kuposa maliro enieniwo, ndipo ankadziwa kuti limenelo ndi tchimo. Bambo anakamanga ndi manja awo, njerwa kuumba okha, zitseko kupala okha. Iye, mwana woyamba, amene anakulira m'nyumba yodontha, sanamukhomerepo ngakhale shelefu. Zaka zonsezi ankakhala kutali, mumzinda wa Albuquerque, kusoka madiresi a maukwati a eni ake. Nereida anangobadwa n'kupeza zakupsa.

Amene anasonkhezera moto ndi azakhali awo, a Chayo. Akukulunga tamale, chakudya cha ufa wa chimanga chophikira m'makoko, anangoti Eusebio sanali munthu wa mapepala, ndipo nyumba yopanda chilolezo aboma amatha kuigwetsa. Lolemba m'mawa Ofelia anavala diresi lake lakuda n'kupita ku khonsolo ya tauni.

Mtsikana wa pakauntala anafufuza chilolezo cha kanyumbako pakompyuta, osapeza kanthu. Ofelia anasangalala, manyazi analibe. Koma mtsikanayo atayang'ana mapu a pakhoma anapukusa mutu. Makalata a bambo ankabweradi ndi dzina la tauniyo, koma malire a tauni anathera pa ngalande yothirira minda, ndipo malo a Barraza anali tsidya linalo. Kumeneko khonsolo ilibe mawu. Zomangamanga zonse zimakathera ku ofesi ya kaunti, imene imayang'anira madera a kunja kwa matauni. Ofelia anabadwira pamalopo, koma anali asanadziwe kuti sanagonepo m'tauni imeneyo ngakhale tsiku limodzi.

Asanalize galimoto, Nereida anaimba foni.

"Achemwali, azakhali akuti mwapita kukandigwetsera nyumba."

"Wakuuza ndani kuti ndi yako?"

"Ndagonamo zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ndimawasambitsa ndine, inu mukungotumiza makadi a Khirisimasi."

"Umawasambitsa chifukwa anakumangira. Ine anandimangira chiyani?"

Nereida anadula foni. Ofelia anayenda ola lathunthu pakati pa minda ya tsabola, akubwereza mumtima mawu amene akanayenera kuwonjezera, onse oluma.

Ku ofesi ya kaunti anapeza mayi wachikulire, a Luján, amene atangomva dzina la Barraza anavula magalasi n'kupepesa maliro. Anati mapepala akale sanalowe m'kompyuta, ndipo analowa chipinda cham'kati n'kutuluka ndi fayilo yachikasu. Chilolezo chinalimo, chodindidwa bwinobwino. Ofelia anachiyang'anitsitsa. Ndiye kuti bambo, amene sanapiteko ngakhale kukatenga malipoti ake a kusukulu, anayenda ulendo wonsewu chifukwa cha Nereida.

Kenako anaona chaka. Chinali chaka chimene ukwati wa Ofelia mwiniyo unatha, Nereida ali kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Pa pulani yojambula pamanja panali chipinda cha windo lalikulu, ndipo m'kati mwake bambo analembamo ndi zilembo zawo zopendama kuti *posokera*.

A Luján anafotokoza kuti chilolezo chimatha mphamvu ntchito ikachedwa, ndipo mkuluyo ankamanga Loweruka lokha. Anabwera kanayi kudzachikonzetsanso, nthawi zonse atavala chipewa chake cha kutchalitchi.

Ofelia anayembekeza kuti mtima ukhala pansi, koma nsanje inangosintha malo. Windo limenelo linali lake. Nereida anadzuka nalo zaka khumi ndi ziwiri, anapachikapo makatani ake oipa aja, pamene iye ankasoka pa nyale m'chipinda cha mdima. Bambo sanamuuze kanthu. Ankangoimba foni n'kufunsa ngati galimoto ikuyenda bwino.

"Mukufunabe kulemba dandaulo, mayi?" anafunsa a Luján.

Ofelia ankayang'ana mzere womaliza wa fomu, pamene amalembapo wodzakhala m'nyumbayo. Fomu yonse inali ya inki, koma pamenepo panali pensulo. *Ofelia Barraza*, dzina lake la kuubwana.

"Ndinawauza kuti pensulo sitilola," anatero a Luján. "Anati, mwanayo sindinamufunse, ndi wamakani ngati ine, akadzakana ndidzafufuta. Ndinangowasiya."

Zilembozo zinali zonenepa, zakuda kwambiri, mwina mizere iwiri mwina itatu. Ofelia anafunsa chifukwa chake.

"Akabwera ankapempha fayilo ndi pensulo," anatero mayiwo, akusonkhanitsa mapepala. "Ankadutsamonso m'dzinalo, kuti lisazilale."