A Fryson Sali ku Aberdeen

A Rowland, mkulu wa mpingo, anali ataimirira kale pakhomo la pabalaza, jekete ili m'thupi, makiyi a galimoto akulira m'manja.

"Mayi, tingopatseniko dzina la hotelayo basi. Ku Aberdeen si kutali. Tikanyamuka pano, masana tikhala tili nawo bambowo."

Vainess anangowayang'ana makiyiwo. Kuyambira dzulo, fulati yake ya ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, inali yodzaza anthu a mpingo, amayi atayala zitenje pakapeti, abambo atapanikizana pasofa. Thandizo, mwana wa mlamu wake, ndiye anaimba foni kuchokera ku Dedza akulira, kunena kuti mayi ake, a Misozi, agwa pakhonde ndipo sanadzukenso. A Misozi anali mlongo wa mwamuna wake, Fryson, mlongo mmodzi yekhayo, amene anamulera makolo awo atamwalira. Ndipo Frysonyo mpaka tsopano sankadziwa kanthu.

"Foni yawo sikupezeka, chabwino," a Rowland anapitiriza. "Komanso n'zabwino kuti sikupezeka. Uthenga wa maliro sitiponya pa foni ngati tikuitanitsa takisi. Timapita, munthu timamukhazika pansi, ndiye timamuuza."

"Bambo a Joanna sali ku Aberdeen," Vainess anatero, akunena mwamuna wakeyo.

Makiyi aja anasiya kulira.

"Ali ku Nepal. Akukwera mapiri."

Kenako a Dyna, akazi awo a Rowland, amene pakamwa pawo sipachedwa, anadzutsa mutu pakapeti paja.

"Ku Nepal? Kuja anthu amameta mipala n'kumagwadira mafano kuja? Nanga si munatiuza kuti ali ku maphunziro a kuntchito, ife mpaka kuwapempherera kuti akakhoze?"

"Ndinanama, amayi. Ndinanama ndine, iwo sakudziwa n'komwe."

Manyazi anamugwira Vainess mpaka kumapazi, koma analibe nthawi yowasamala. Nkhani yake inali yosavuta. Dokotala atamuopseza Fryson za kuthamanga kwa magazi, mnzake wa kuntchito yokonza zombo ku Govan, Matthew, anayamba kumutenga Loweruka lililonse kukakwera timapiri ta kufupi ndi nyanja ya Loch Lomond. Munthu amene kale ankapumira m'mwamba akakwera masitepe a fulati, mimba inaphwa, ndipo mapiri anamulowa m'magazi. Anayamba kulota za chigwa cha Langtang, ulendo wapansi wa masiku angapo, wogona m'tinyumba ta alendo, wokathera pamudzi wa amonke achibuda. Vainess sanaone cholakwa. Koma malilime a kumpingo ankawadziwa. Mtsikana wina anangoyamba masewera olimbitsa thupi a yoga chaka chatha, anthu mpaka kusala kudya chifukwa cha iye. Ndiye Lamlungu lina atafunsidwa kuti bambo ali kuti, Aberdeen anangotuluka yekha pakamwa.

Foni inalira m'manja mwake. Anali Thandizo.

"Azakhali, mwawapeza amalume?"

"Sindinawapeze, mwanangu. Ndikuyesa."

"Kuno akuluakulu akuti lole inyamuka masana ano kukatenga thupi kuchipatala. Adzukulu ayamba kukumba mawa m'mamawa. Akuti anthu sangangokhala pasiwa osadziwa tsiku."

"Awuzeni adikire! Ndikunena ndine, mkazi wawo."

"Ndawauza, azakhali. Akuti inu ndinu mlamu. Akuti mwinimbumba ndi amalume, akanena okha ndi pakamwa pawo kuti dikirani, thupi likhala kuchipatala mpaka afike. Koma akapanda kumveka, mawa tiika." Mawu a mtsikanayo anathyoka. "Mayi aikidwa mlongo wawo asanawaone, azakhali?"

Vainess anatsamira khoma. Ankamudziwa mwamuna wake. Akadzatsika phiri n'kupeza kuti a Misozi anakwiriridwa kale iye ali kalikiliki kujambula chipale, munthuyo sadzakhalanso munthu. Ndipo sadzamukhululukira aliyense, kuyambira iye mwini.

Analowa kuchipinda, nafufuza nambala ya kampani yomwe inakonza ulendowo ku Kathmandu. Dzulo anaimba kangapo osayankhidwa. Lero anayankha bambo wina waulemu kwambiri, ulemu wochedwetsa zinthu. Anati gulu la Fryson lili m'katikati mwa chigwa, kumene foni ya wowatsogolera sigwira. Anati madzulo a kumeneko afika pamudzi womaliza, pafupi ndi nyumba ya amonke, ndipo panyumba ya alendo ya pamenepo intaneti imagwira, ngati dzuwa lawala mokwanira kudzaza mabatire.

"Ngati silinawale?"

Bamboyo anapepesa. Kenako anafunsa uthenga woti ausiye kumeneko.

A Rowland anali atafika pakhomo la chipinda. Anagwedeza chala mwamphamvu.

"Angonena kuti aimbe kunyumba. Basi. Musatchule maliro."

Vainess ananena momwemo, nadula foni.

"Tamverani, mayi," a Rowland anatsitsa mawu. "Zonamazo tidzakambirana tsiku lina. Koma munthu ali paulendo, ali paphompho, komanso ali ndi vuto la magazi. Munthu wotere sauzidwa. Akaimba, mungoti achemwali adwala, bwererani. Akafika pano timukhazika pansi."

"Akafika pano apeza ataika."

"Manda adzawaona. Nanga mukufuna maliro awiri?"

Mawuwo anamulasa, chifukwa ndi zomwe iyenso ankaopa. Vainess ankagwira ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha ku Govan, ndipo ankadziwa zomwe mpweya wochepa wa pamwamba pa phiri umachita ndi mtima wotopa. Anaona m'maganizo mwamuna wake akumva uthengawo, miyendo ikufooka pakanjira kopapatiza, pansi mtsinje ukuchita thovu. Akamuuza, mwina amupha. Akapanda kumuuza, amulanda mlongo wake kachiwiri. Anakhala pabedi, foni ili pamwendo, akuiyang'ana ngati mphika wochedwa kuwira.

Kunja mvula ya ku Glasgow inkangonyenyeka, yosagwa yosaleka. Pabalaza amayi anayambanso nyimbo zachisoni, motsitsa, poopa mzungu wa fulati ya pansi. Thandizo anatumiza uthenga kuti lole yafika pabwalo. Patapita kanthawi anatumizanso kuti anyamata akukweza bokosi. Vainess anapemphera mapemphero opanda mutu, mpaka kupempherera dzuwa la ku Nepal ndi mabatire a anthu osawadziwa.

Foni itawala, nkhope ya Fryson ili pagalasi, anatsala pang'ono kuigwetsa.

"Akuimba! Siyani nyimbo, chonde siyani!"

Anadutsa pakati pa miyendo ya anthu, natulukira pamasitepe a panja pa fulati, pamene panali pozizira ndi pachete. A Rowland anamutsatira n'kuima pachitseko.

"Amayi a Joanna!" Fryson anafuula, akuseka. Chithunzi chinkaima n'kuyendanso. Nkhope inali itada ndi dzuwa, milomo itang'ambika, kumutu chipewa chaubweya. "Tangofika kumene! Mayi wa panyumba pano akuti ndiimbe kunyumba, ine ndati ndimaimba kale, mkazi wanga wandisowa. Taonani kuno, taonani!"

Anatembenuza foni. Vainess anaona tinsalu tamitundumitundu tomangidwa pazingwe tikuuluka ndi mphepo, mpanda wa miyala yolembedwalembedwa, ng'ombe zaubweya wofika pansi, ndi mkulu wina wovala nsalu yofiira akuyenda pang'onopang'ono. Kumbuyo kwake kunali phiri loyera, lalikulu mochititsa mantha.

"Mukupuma bwanji? Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa, a nesi, ndikumwa. Mutu unandiwawa dzana, pano ndili ngati mnyamata. Matthew ndi amene akutsalira m'mbuyo. Mawa tikwera kansonga ako, ndiye ulendo watha." Anabwezanso foni kunkhope, nakweza chinthu chofiirira. "Ichi mwachiona? Mpango wa achemwali. Ubweya wa ng'ombe zomwezi. Ndisananyamuke anandiseka, akuti iwe Fryson, phiri la Dedza lili pakhomo pano sunalikwerepo, lero ukukasaka mapiri a eni? Akuti ukapanda kundibweretsera chofunda, usabwere. Ndiye awa, kuzizira kwa ku Dedza kwawathera."

A Rowland anali kumunong'oneza Vainess, "Adwala. Ingonenani kuti adwala."

"Bwanji mwangoti duu?" Fryson anafunsa. "Mwaima pati pamenepo, si pamasitepe apo?"

Nthawi yomweyo chitseko cha pansi, cha kumsewu, chinatseguka. Vainess anamva mapazi ambiri ndi maambulera akukutumulidwa. Anali amayi a ku Gorbals, amene anati abwera akaweruka ntchito ya m'mawa. Ndipo Vainess ankadziwa chimene mayi wa kwathu amachita akamalowa pakhomo la maliro, kaya ndi ku Dedza kaya ndi ku Dennistoun. Samalowa chete. Mmodzi anali atayamba kale kukoka mpweya, kulira kukuyambira pansi pa masitepe.

Mwamuna wake amva za mlongo wake kuchokera kukhosi kwa anthu amene a Misozi sanawaonepo? Ayi, zimenezo zokha ayi.

"Bambo a Joanna, khalani pansi."

"Chachitika n'chiyani?"

"Khalani pansi kaye. Pampanda pomwepo. Matthew ali pafupi? Muitaneni aime pambali panu."

"Mayi!" a Rowland anatero, koma Vainess sanawacheukire.

Chithunzi chinagwedezeka, kenako chinakhazikika. Kumwetulira kunali kutachoka.

"Ndakhala."

"Achemwali atisiya. Dzulo m'mawa. Anagwa pakhonde, sanavutike."

Kulira kwa amayi aja kunafika, kukudzaza masitepe onse. Pagalasi Fryson sanagwedezeke, moti Vainess anaganiza kuti intaneti yaduka, kapena choopsa chija chachitika. Anafuula dzina lake lenileni, limene sankalitchula pagulu.

"Fryson! Fryson, pumani! Ndiyankheni!"

Dzanja la mzungu linaoneka paphewa pake. Kenako mwamunayo anakweza mpango uja n'kubisamo nkhope, mapewa akugwedezeka. Ankapuma. Vainess anawerenga kupumako ndi maso a ntchito yake, misozi ikutsika osaipukuta.

"Mulira bwino, bambo, koma panopa mverani. Lole ikunyamuka kukatenga thupi, mawa aika. Akuti adikira pokhapokha mutanena nokha. Mukufuna kukawaona?"

Mutu unagwedezeka kuvomera.

"Ndiye muyankhule."

Anatembenukira kwa a Rowland. Mkuluyo anamuyang'ana, nayang'ana munthu wolira pagalasi, kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa foni yake. Vainess anawatchulira nambala ya Thandizo. Itayankhidwa, kunamveka phokoso la injini ndi anthu ambiri.

"Thandizo, thamanga kwa akuluakulu!" Vainess anafuula. "Kweza mawu a foniyo, amve onse!"

Anagwira mafoni awiriwo, ina kudzanja ili ina kudzanja ilo, nawayandikizitsa pakamwa ndi pakamwa. A Dyna, amene anali atatuluka, anatontholetsa amayi a ku Gorbals ndi dzanja limodzi, nagwira chigongono cha Vainess ndi linalo kuti chisagwedezeke.

"Ndine Fryson," mawu anatuluka, okhakhala, odukaduka. "Ndine Fryson, mlongo wa Misozi. Musaike. Ndili kutali, ndiyenda wapansi, koma ndikubwera. Mlongo wanga andidikire. Ndati andi..."

Chithunzi chinauma, kenako galasi linada.

"Thandizo? Amva? Thandizo!"

Kunali phokoso, mawu a abambo akukambirana, wina akufunsa ngati analidi iyeyo, wina akuyankha kuti mawu a Fryson, mwana wa malemu Aleke, sangawasokoneze. Vainess anatseka maso. Kenako injini ija inazima.

"Amva, azakhali," Thandizo anatero akusisima. "Akutsitsa bokosi."

Vainess anakhala pasitepe yozizira. Anayesa kuimbiranso ku Nepal, osalowa. Anayesanso. Panangofika kauthenga kamodzi kochokera kwa Matthew, konena kuti kukacha ayamba kutsika limodzi, ndipo samusiya yekha. Kutsikako kunali kwa masiku, pa tinjira tomwe tija, ndi mtima womwe uja, tsopano utasenza katundu wina. Palibe amene akanamulonjeza kuti zitha bwino, ndipo mantha sanamuchoke.

A Rowland anakhosomola.

"Mwachita zosemphana ndi mwambo, mayi."

"Ndikudziwa."

"Chabwino." Anatulutsanso makiyi aja n'kuwayang'ana. "Nanga munthuyo akafika ku Dedza ndi nsapato za m'phiri ndi chipewa chija? Longedzani. Ndege ya ku Lilongwe tikufunirani ife, ndipo kubwalo la ndege ndikuperekezani ndine."

Vainess anadzuka, nadutsa pabalaza pomwe nyimbo inali itayambanso, nalowa kuchipinda. Anatsitsa suti yakuda ya mwamuna wake, ija anasoketsera ukwati wa mwana wawo Joanna mimba isanaphwe. Anaiyala pabedi, naona kukula kwa thalauzalo m'chiuno. Anatsegula kabati n'kutenga lamba, naboola bowo lina ndi nsonga ya sizasi, kuti munthu akaimirira pamanda a mlongo wake, asamagwire thalauza ndi dzanja.