Poti Uli Pakhomo

Tsiku limene bungwe lawo linalengeza kuti makolo a ana aang'ono aziloledwa kugwirira ntchito kunyumba Lachiwiri ndi Lachinayi, Sungeni anakadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi n'kulira pang'ono. Unali mpumulo. Mwana wake Watipa anali asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo chibwerereni kuntchito ankamusiya m'mawa uliwonse kwa mayi wina wa ku Kangemi, kuno ku Kenya, amene ankasunga ana ambirimbiri m'chipinda chimodzi cha malata. Madzulo ankakamupeza atalira mpaka mawu kusasa, thewera litanyowa kalekale.

Amene anasaina chilolezo chake anali a Gresham Mbewe, mkulu wa dipatimenti yake komanso Mmalawi mnzake. Ku ofesi ankawatchula kuti bwana, kutchalitchi kuti ankolo. Anasaina akumwetulira, ndipo anaitanitsa wojambula zithunzi kuti awajambule akumugwira chanza.

"Tiyesa miyezi itatu," anatero. "Ntchito ikamayenda bwino tipitiriza. Ife tikufuna amayi azilera okha ana awo."

Lachiwiri loyamba, mwamuna wake Maurice ananyamuka kusanache monga mwa masiku onse kupita ku Athi River, kumene ankayang'anira makina pafakitale yosoka zovala. Sungeni anasambitsa mwana, anamuyamwitsa osayang'ana wotchi, anamuyalira chitenje pansi, n'kutsegula laputopu patebulo lodyera. M'nyumba munali zii. Phokoso la mamatatu, maminibasi a mumsewu wa Waiyaki Way, linkamveka patali, ngati la anthu ena amene mavuto awo sanalinso ake. Ankalemba, n'kuyang'ana mwana, n'kulembanso.

Tiyi asanazizire n'komwe m'kapu, askari, mlonda wa pageti, anaimba foni kuti kwabwera mlendo.

Anali a Rose, akazi awo a bwana Mbewe. Pamene Sungeni ankachira Watipa, amayi ake omubereka anali kutali ku Ntcheu, opanda ndi pasipoti yomwe. A Rose ndi amene anamudikirira kuchipatala. Ndi amene anamuthowa ndi madzi otentha, kumuphunzitsa kagwiridwe ka khanda posambitsa, ndi kugona pabalaza pake mpaka mchombo utagwa. Mwanayo anatuluka m'chikuta ali m'manja mwawo. Kuyambira pamenepo Sungeni ankawatchula kuti amayi, ndipo ankatero ndi mtima wonse.

"Odi kuno kwa anthu ogwirira ntchito pabedi," anatero a Rose akuseka. Kumbuyo kwawo kunali Limbani, chitsiriza chawo wa zaka zitatu, mamina ali chuchuchu, m'manja atafinya ndasi lodya theka. "Ankolo ako andiuza kuti lero uli pakhomo. Ndati Mulungu ndi wabwino. Mtsikana wantchito uja ndamuthamangitsa, anali wamwano. Ndingofika pasaluni ku Karen, kamphindi chabe."

"Amayi, komatu ndili pantchito."

"Eya, gwira. Uyu savuta. Ungomupatsa foni aziwonera tizidole."

Anabwera dzuwa litapendeka, tsitsi lili phuliphuli, akununkhira nyama yootcha. Apo n'kuti Limbani atathira tiyi pamapepala, atakodzera sofa, ndiponso atapisa chala chake cha mamina m'kamwa mwa Watipa kuti awone ngati ali ndi mano. Sungeni sanamude mwanayo. Anali mwana basi, ndipo atatopa anadzagona atatsamira mwendo wake. Chimene chinamuwawa ndi mmene a Rose anatsegulira mapoto ake atafika, n'kunena kuti ndiwo wathira mchere wochepa.

Madzulo anamufotokozera Maurice.

"Ndiye ukanatani?" anafunsa Maurice akuvula nsapato. "Ukanawabweza pageti? Munthu amene anakuchapira nsalu zako za kuchipatala ndi manja ake?"

"Sindikukana zimene anandichitira."

"Amalawi kuno ndife ochepa, Sunge. Nkhani ngati imeneyi ikafika kugulu la amayi, tiziyenda chozyolika."

"Chabwino. Lachinayi ukhale ndiwe."

"Makina anga sakwana mu laputopu," anatero Maurice, n'kuseka yekha.

Lachinayi a Rose anabweranso. Sabata yotsatira sanavutikenso n'kulowa. Ankangomutsitsa Limbani pageti, askari n'kumukweza masitepe. Kenaka anayamba kubwera ndi mnzawo, a Dinah, amene ankatsogolera nyimbo kugulu la amayi, nawonso atatenga kamdzukulu kawo. Mawu anali amodzimodzi nthawi zonse: poti uli pakhomo. Poti uli pakhomo, ulandireko katundu wanga wa usipa akubwera pa njinga yamoto ya boda. Poti uli pakhomo, ubwatitseko nyembazi, kwathu gasi watha. Sungeni ankayankha kuti chabwino amayi, ndipo mawuwo ankamuwawa m'kamwa ngati mankhwala a malungo. Malipoti amene ankayenera kulemba masiku awiriwo ankawalemba Loweruka, Watipa ali kumsana, kotero kuti mwana wakeyo ankamuwona pang'ono kuposa kale.

Ku ofesi a Mbewe sankatchulako kanthu. Akakumana m'khonde ankangofunsa kuti, "Kugwirira ntchito kunyumba kukuyenda?" Pakhomo lolowera panali patapachikidwa chithunzi chija, chachikulu, iwo akumwetulira, Sungeni akuoneka theka la nkhope.

Lachinayi lina kunali msonkhano wa pakompyuta ndi azungu amene ankapereka thandizo kubungwelo, ndipo Sungeni ndiye ankayenera kufotokoza za ntchito ya m'midzi. Dzulo lake anali atawaimbira a Rose kuwapempha, mawu ali pansi, kuti tsiku limodzi lokhali amupumitse. A Rose anati amva. M'mawa mwake askari anagogoda, Limbani ali pambali pake, maso atalowa m'kati. Foni inalira nthawi yomweyo.

"Kusukulu ya mkaka amubweza, ati akutsegula m'mimba," anatero a Rose. "Anthu a kuno kukokomeza zinthu. Ungomupatsa madzi a mchere ndi shuga. Ine ndili kale pa Ngong Road."

Msonkhano unayamba bwino. Watipa anali mtulo kumsana. Limbani anali atagona pasofa. Sungeni anavala bulauzi yabwino pamwamba pa chitenje, ndipo atayamba kulankhula anamva mawu ake akutuluka okhazikika, a munthu wodziwa ntchito yake. Nkhope za m'timabokosi ta pa laputopu zinkagwedeza mitu. Kenaka a Mbewe analowererapo kuti awonjezere mfundo, ndipo mawu awo anadzaza pabalaza ponse.

Limbani anadzuka. Anatsika pasofa, anayenda miyendo ili tang'a, n'kudzagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Adadi," anatero. Kenaka analira mokweza. "Adadi, m'mimba. Ndikufuna adadi."

Mayi wina wachizungu anamwetulira mwachifundo. Sungeni anayang'ana kabokosi ka a Mbewe, akudikira. Nkhope yawo sinagwedezeke ngakhale pang'ono. Anakonza tayi, anatsokomola, n'kulankhula m'Chingerezi chawo chosalala chija.

"Mutikhululukire nonse. Kugwirira ntchito kunyumba kuli ndi zovuta zake, tikuphunzirabe. Sungeni, tsekani maikolofoni mukayambe mwatonthoza mwana wanuyo. Lenah apitiriza."

Mwana wanuyo. Sungeni anamva chinthu chofunda chikuyenderera paphazi lake. Atayang'ana pansi anaona kuti kabudula wa Limbani wadzaza, ndipo zamadzimadzi zachikasu zatsikira m'miyendo mpaka pa silipasi yake. Fungo linakwera. Anatseka maikolofoni monga anamuuzira. Anamunyamula mwanayo m'khwapa n'kupita naye kubafa, ndipo ali chogwada, akumutsuka, ankamva Lenah, mnzake wa ku Kenya konkuno, akuwerenga movutikira zimene iye anakonza Loweruka lonse. Ankamvanso a Mbewe akuseka nthabwala ya mzungu wina.

Kumapeto kwa sabatayo Watipa nayenso anayamba kutsegula m'mimba, mpaka anakagona naye kuchipatala. A Rose anatumiza uthenga wa pafoni wokhala ndi vesi.

Miyezi itatu itatha, a Mbewe anamuitanitsa. Sungeni anakwera masitepe akudziwa kuti masiku ake awiri aja amulanda, ndipo mtima unkamupweteka ngakhale kuti masikuwo anali atasanduka china chake. Ankaganizabe za m'mawa woyamba uja, tiyi asanazizire.

"Khalani, Sungeni," anatero a Mbewe. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Ndinene mosabisa. Ntchito yanu yatsika. Malipoti akuchedwa. Za msonkhano uja sindinena, munaona nokha. Akuluakulu anafunsa, ndipo ndinayenera kulemba zoona."

"Mwalemba kuti chiyani, bwana?"

"Kuti mukuvutika kugawa nthawi pakati pa ntchito ndi banja. Ndi mawu ofatsa, musadandaule nawo." Anavalanso magalasi, anatseka chitseko, ndipo mawu awo anasintha n'kukhala a kutchalitchi. "Koma iwe ndiwe mwana wathu. Ndakumenyera nkhondo. Ena amafuna ubwerere ku ofesi, ine ndakana. Masiku ako akhalapobe. Ndawonjezeranso Lachisanu."

Sungeni anakweza maso.

"Lachisanu?"

"Eya. Upume bwino, uzikonza zinthu zako modekha. Komanso amayi ako ayamba kosi ya zophikaphika Lachisanu lililonse, ndiye zangogwirizana."

Anatero akumwetulira, manja atatambasula patebulo, ngati munthu amene wabweretsa mphatso kuchokera kuulendo. Sungeni anawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba chiwadziwireni. Anaona kachidutswa kobiriwira ka ndiwo zamasamba za sukuma katakanirira pakati pa mano awo. Anaona mphete yothina pachala chonenepa. Ankadikira kuti mwina aona manyazi penapake, m'maso kapena pakamwa, koma munalibe. Bamboyo ankayembekezera kuthokozedwa.

Sungeni sanali munthu woyankha akulu. Kusukulu, kutchalitchi, ngakhale kwa apongozi, ankadziwika kuti ndi wofatsa. Mawu atatuluka, anatuluka aang'ono.

"Bwana, ine ndibwerera ku ofesi. Masiku onse."

"Mwati bwanji?"

"Kuyambira Lolemba. Masikuwo muwapatse ena."

"Nanga Limbani tikamusiya kuti?"

Funsolo linawapulumuka. Anatseka pakamwa mochedwa, n'kuyamba kusuntha mapepala amene sankafunika kusunthidwa. Panja wina ankakoka mpando. Sungeni anaimirira, anawerama pang'ono monga anazolowera, n'kutuluka. M'khonde bulauzi inali itanyowa pachifuwa chifukwa nthawi yoyamwitsa inali itapitirira.

Maurice atamva anangoti, "Wayamba nkhondo." Kenaka anafunsa ngati Lamulungu angapite kutchalitchi china. Sungeni anati ayi, apita komwe amapita.

Mapemphero atatha, Amalawi anasonkhana pansi pa mtengo wa jakaranda monga mwa chizolowezi, amuna mbali iyi akukamba za mpira ndi mtengo wa feteleza kumudzi, amayi mbali iyo. Sungeni anayandikira ndi mwana m'manja n'kupereka moni. Ena anayankha, ena anali otanganidwa ndi zikwama zawo. A Rose anabwera atatambasula manja, atavala chitenje chatsopano ndi duku lake, ndipo anamulanda Watipa asanafunse.

"Bwera kwa agogo, iwe wamasiye amayi ako ali moyo," anatero mokweza, akumuvinitsa. Anatembenukira kwa amayi enawo. "Mwamva za ana a masiku ano? Ankolo ake amuvutikira, amupezera mwayi woti azikhala ndi mwana pakhomo, mpaka masiku atatu. Iye akuti ayi, ndikufuna ofesi. Kakhanda aka kazikatukwanidwa m'Chiswahili ku Kangemi."

"Ndalama izi," anatero a Dinah akupukusa mutu. "Ife tinalera ana ndi manja awiri."

"Ine ndiye ndinakatulutsa m'chikuta kameneka. Mtima ukundipweteka."

A Rose anamupsompsona Watipa patsaya, mwamphamvu, n'kumubweza. Patsayapo panatsala chizindikiro cha milomo, chofiira, chonyezimira mafuta ndi malovu. Amayi onse ankamuyang'ana Sungeni kuti anena chiyani.

Sungeni anakhala pabenchi, anamuika mwanayo pamiyendo, anatenga nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kupukuta tsayalo. Utotowo unali wokanirira. Anapukutabe, mobwerezabwereza, mpaka Watipa anakwinya nkhope n'kuyamba kulira.