Tinadzera m'Tiyi

Mimba itayamba kumuwawa Alefa, mayi ake analamula kuti tisadzere ku msewu wa tala. Alefa ndi mwana wa mchimwene wanga, ndipo mimbayo inali yoyamba.

"Pa msika pali maso," anatero alamu anga a Cecilia. "Akamuona akupita kuchipatala, wina amumangira mimba. Mudzere m'tiyi."

Ine ndinati, "Alamu, mimba yafika pakhosi iyi ndani sanaione? Ndi mbuzi zomwe zikuidziwa."

Sanaseke. Bryson, mwamuna wa Alefa, ndi mkamwini, sakanatsutsa apongozi pakhomo pawo. Anayala chitenje pa kaliyala, tinamukweza Alefa, iye akukankha njinga, ine ndikugwiriza msana.

Njira za m'tiyi n'zokongola, zimenezo sindikana. Dothi lofiira, tiyi wometedwa ngati mutu wa mwana wa sukulu, phiri lili poteropo. Azungu amabwera kudzapalasa njinga m'menemo atavala timakabudula tothina. Koma linali Lamulungu. Kunalibe wothyola tiyi, thirakitala ngakhale mlonda.

Pa chitunda Bryson anayamba wefuwefu.

"Kankhani, akamwini. Poziyamba izi munapempha thandizo?"

"Azakhali, mundilekeko."

Alefa anaseka, kenaka anandifinya dzanja mpaka zala kulira.

Titatsikira ku kamtsinje tinapeza mlatho wamatabwa unapita ndi mvula. Tikutembenuza njinga, ndinaona magazi akudontha pa tayala la kumbuyo. Tinamugoneka Alefa pansi pa bulugama, ndipo ndinauza Bryson kuti apalase mpaka ku msewu, akaimitse galimoto iliyonse.

Mwana anabadwa Bryson asanabwere, wamkazi, wolira ngati walandidwa munda. Ndinamukulunga m'chitenje changa. Koma magazi a mayi wake sanasiye. Ndinatsekapo ndi mpango, unanyowa. Ndinavula bulauzi, nayonso inanyowa. Ine sukulu ndinalekera pa a e i o u, chomwe ndimatha ndi pakamwa, ndiye ndinayamba kumuputa kuti asagone.

"Iwe Alefa, ukatsinzina ndikulanda mwamuna."

"Mutengeni, azakhali. Amadya kwambiri."

"Mwanayu dzina lake ndi langa, Millie."

"Ayi," anayankha motsitsa, "adzakhala wabodza."

"Wabodza ndine? Tsegula maso unditukwane bwino."

Anati akumva kuzizira, chikhalirecho dzuwa linali paliwombo. Ndinamuuza za abusa amene anagwa m'chitsime, nkhani imene ankaikonda ali mwana. Ndinafika pamene abusa ataya nsapato, pamene Alefa amasekera nthawi zonse. Ndinabwerezanso pomwepo. Kenaka ndinaimaliza ndekha.

Bryson anabwera ndi galimoto yonyamula nthochi. Dalaivala atatsika n'kuyang'ana, anavula chipewa.

"Azakhali, wagona?" anafunsa Bryson.

Ndinamuuza kuti akhale pansi kaye, atambasule manja, ndipo ndinamupatsa mwana.