Batire la Galimoto ya Atate

Atate ndinawaona komaliza ali moyo pa geti la chipatala, Lachiwiri lina m'mwezi wa Meyi. Anatsika okha m'galimoto, anakana kuti ndiwagwire mkono. Asanalowe anavula chisoti chawo chaubweya chobiriwira n'kundiponyera pa windo.

"Sunga ichi, Rodgers. Ndidzavala potuluka. Ndipo usamaponde kilachi ngati ukupha njoka."

Sindinaseke. Njira yonse kuchokera ku Chawama anali akundifunsa za koleji, kuti ndidzabwerera liti, ndipo mtima unali utandiwawa. Chisoticho ndinachikankhira m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wawo, momwe munali kale mapepala a galimoto, buku la nyimbo ndi tepi yakuda, ndinatseka ndi bondo, ndinanyamuka. Ndinati ndidzawaona Lachinayi mkwiyo ukatha. Anamwalira Lachitatu.

Galimotoyo ndi kakang'ono koyera, kotsegula kumbuyo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi atate, amene aliyense ankawatchula kuti ba Nason, ankatengera tomato ndi kabichi ku msika waukulu wa Soweto m'tauni kubweretsera amayi ndi anzawo ogulitsa pa msika wathu. Atayamba kudwala ndinkayendetsa ndine, iwo atakhala pa mpando wa pambali. Maliro atatha, kiyi anabwera m'manja mwanga popanda wina kunena kanthu. Kabokosi kaja sindinakakhudzenso. Ndikamayendetsa sindinkayang'ana n'komwe mbali imeneyo.

Juni atafika ndi mphepo yake, galimoto inayamba kukana. M'mawa ndikapotokola kiyi imangoti kete, kete, basi. Amayi ndi anzawo ankamanga zitenje n'kuyamba kukankha, nthunzi ikutuluka m'kamwa, ine nditakhala mkati ngati bwana. Masana imalira bwinobwino. Batire ndinkalitengera pa wilibala kwa munthu wotchaja ku msika, likabwera limagwira masiku awiri, lachitatu lafa. Mnansi wathu anatibwereka lake. Nalonso linafa.

Apa m'pamene anthu anayamba kulankhula. Ena amati galimoto ikulira mwini wake, siifuna dzanja lina. Ena amalankhula zimene zinkandipweteka kwambiri chifukwa zinali zoona: "Si uyu anapita kukaphunzira za magetsi?" Inde, ndinapita. Ndinakhala zaka ziwiri, ndinalephera mayeso amodzimodzi kawiri, ndinasiya, ndipo kwa miyezi itatu ndinkatuluka m'nyumba ndi chikwama m'mawa uliwonse kuti makolo anga asadziwe.

Ba Lameck, akulu awo a atate, anabwera kuchokera ku Matero Lamlungu atatuluka m'tchalitchi. Anazungulira galimoto kawiri, anamenya tayala ndi nsapato.

"Mlamu, ichi chizakulwalitsani," anauza amayi. "Mukankha m'mawa uliwonse ndi msana wanu uwo? Nili na munthu amagula magalimoto okutha, aphwasula, agulitsa mapatsi. Nibwera naye pa Loweruka."

"Ndi ntchito ya mwana iyi," anatero amayi motsitsa mawu.

"Mwana amene anathawa sukulu?" Anandiyang'ana. Si munthu woipa ba Lameck, amangolankhula osayamba wayeza. "Chabwino. Loweruka m'mawa, ikalira na kiyi, kamodzi chabe, kulibe kukankha, ni yako. Ikakana, iyenda."

Lachinayi ndinapita kwa ba Chipego. Ndi mayi wamfupi wa zaka makumi anayi ndi zina, amakonza mawaya a magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndipo atate sankalola wina aliyense kugwira magetsi a galimoto yawo. Ndinali ndikuwapewa mwezi wonse. Sindinkafuna kuti mayi amene sanapondeko koleji andionetse zimene ndinalephera.

"Mwana wa ba Nason," anatero osadzuka pa chigubu chimene anakhalira. "Nakuona maviki atatu upita na wilibala. Nenze niganiza wayamba kugulitsa mabatire."

"Batire latha, ba Chipego."

"Ndani wakuuza?"

"Limangofa."

"Na ine nimagona, koma sin'nafe. Tsegula boneti."

Anayamba ndi maso. Mitu iwiri ya batire inali itamera ufa woyera, anandipatsa burashi ya waya kuti ndikwechese mpaka mtovu uwale. Anatsegula tizivindikiro n'kusuzumira madzi m'chipinda chilichonse, anawonjezera pang'ono m'ziwiri. Pambali pa batire panali tsiku lolembedwa ndi msomali, dzanja la atate.

"Zaka zitatu. Yakula, koma siinakalambe," anatero. "Mphepo imachepetsa mphamvu ya batire, na injini ikazizira imalema kuzungulira. Koma mphepo yeka siipaya batire mu masiku awiri. Liza."

Ndinaliza, popeza dzuwa linali litatentha. Anagunditsa mawaya a mita yawo pa mitu ya batire, anandionetsa manambala.

"Werenga, iwe wa ku koleji."

"Fotini."

"Ndiye kuti chani?"

"Ikutchaja bwino injini ikamayenda."

"Ona, mutu ulimo. Manje zima, chosa kiyi, vala vitseko vonse. Ngati chakudya chingena koma mwana aonda, pali wina amene adya naye."

Anamasula waya wakuda pa batire ndi sipanala, anaika mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Galimoto yozima, kiyi ali m'thumba mwanga, manambala anayenera kukhala pafupi ndi ziro. Anali pafupi ndi theka la ampu: china chake chinali chikukoka magetsi. Ndinakumbukira mawu a anthu aja oti galimoto ikulira mwini wake.

"Usayangane so," anatero ba Chipego. "Ba Nason benze okonda tiyi, osati asidi. Ngena pansi pa chiwongolero, uzichosa mafyuzi imodzi imodzi. Ine niyangana mita."

Ndinagona chagada, miyendo panja. Ndinazula ya nyale zakutsogolo. "Ayi." Ndinabwezera. Ya hutala. "Ayi." Ya wailesi, imene ndinkaikayikira chifukwa atate anailumikiza okha. "Ayi, bwezera." Yachisanu ndi chiwiri inali yaing'ono, yofiira.

"Imeneyo. Yagwa. Ni ya chani?"

Ndinawerenga pa chivindikiro. Inali ya nyale zam'kati. Tonse tinayang'ana kudenga. Nyale ya pamenepo inapsa ndili giredi seveni, ndipo palibe anaisinthapo.

Ba Chipego anazungulira, anatsegula chitseko cha mbali ya atate, anawerama. Analoza kabokosi kaja. Chitseko chake chinali chitatsala pang'ono kutsekeka, mpata wongolowa chikhadabo.

"Umu muli kababu. Chitseko chikavalika bwino, kamazima. Bwezera fyuzi, utsegule."

Ndinabwezera fyuzi. Sindinatsegule.

"Tingodula waya wake kumbuyo," ndinatero.

"Ine sinidula waya wamoyo chifukwa mwamuna ayopa kabokosi."

"Tsegulani ndinu."

"Iyayi. Vinthu va batate bako, ni iwe." Mawu awo anali atatsika. Anabwerera pa chigubu chawo n'kuyamba kupukuta sipanala yoyera kale.

Ndinakhala pa mpando wa atate kwa nthawi yoyamba. Unali wolowa pakati, molingana ndi thupi lawo. Ndinakoka chitseko chija. Kababu kanali kakuyaka, kachikasu, kakang'ono ngati nyemba, ndipo chisoti chinali chitapanikizika pomwepo, nsonga yake itatsekereza chitseko. Masabata asanu ndi awiri, usana ndi usiku, kanali kakuwalira chisoti chokhachokha.

Ndinachitulutsa. Chinali chofunda. Pamene chinakhudzana ndi babu panali kadontho kofiirira, koma chonsecho chinali chofunda ngati munthu wangochivula kumene, ndipo chinkanunkha mafuta awo a m'mutu ndi masamba a tomato. Ndinachigwira ndi manja awiri. Pa maliro sindinalire, anthu anandiyamikira kuti ndine mwamuna. Ndinalirira pansi pa mango, kumbuyo kwa msika, pakati pa mabatire akutha a anthu ena.

Ba Chipego anandisiya mpaka nditamaliza.

"Vala kabokosi manje, tione."

Chitseko chinati tcha. Manambala pa mita anagwa.

"Kababu ka mawati asanu," ndinatero, ndikupukuta mphuno. "Pa mavolti thwelofu, ndi pafupifupi theka la ampu. Tsiku limodzi, maampu teni apita. Ndiye kuzizira, ndi maulendo afupiafupi a ku Soweto osakwanira kubwezera."

"Ndiye unasiyira chani sukulu?"

"Pa pepala zimandisokoneza."

"Pepala siluma. Ukafuna, uzibwera masana ukasiliza tomato, ugwireko mita. Mayeso ukalembenso." Anatseka boneti ndi chigongono. "Yenda nayo kutali lelo, idye bwino. Osaiyika pa chaji. Tifuna tione zoona."

Ndinayenda mpaka ku Chilanga ndi kubwerera. Chisoti ndinapatsa amayi madzulo. Sanafunse kumene chinali. Anachiyang'ana, anapeza kadontho kaja ndi chala, anachipinda n'kulowa nacho kuchipinda.

Lachisanu galimoto inalira, koma sindinakondwere. Tsiku loyamba imalira nthawi zonse.

Loweruka kunazizira kuposa masiku onse. Pagalasi panali mame okhuthala, agalu anali atadzipinda pafupi ndi mbaula za anthu. Ba Lameck anafika isanakwane sikisi koloko ndi munthu wawo, wamtali, wa jekete lachikopa, amene anayamba kale kuyang'ana zitseko ndi nyale ngati nyama ya pa butchala. Anzawo a amayi atatu anaima pa mpanda, zitenje zomanga kale m'chiuno, mwachizolowezi.

"Kulibe kukankha, amayi," anatero ba Lameck.

"Taimirira chabe," anayankha mmodzi. "Kuimirira nakonso mwaletsa?"

Amayi anatuluka m'nyumba ndi chisoti chija m'manja. Anafika pa windo, anandiveka okha, anachikokera mpaka m'makutu monga ankachitira ndili mwana.

"Kwazizira," anatero, n'kubwerera m'mbuyo.

Ndinaponda kilachi pang'onopang'ono. Ndinapotokola kiyi. Injini inazungulira kamodzi molemera, ngati munthu wodzuka asakufuna, kenaka inagwira, galimoto yonse inanjenjemera, utsi woyera unatuluka kumbuyo n'kuphimba nsapato za munthu wa jekete uja.

Ba Lameck anaima kanthawi, manja m'matumba. Anayang'ana chisoti, anayang'ana kumbali, anatsokomola.

"Uyenda ku Soweto?" anafunsa.

"Inde, atate aakulu."

"Unisiye pa Kafue Road. Uyu azaziyendera."

Anatsegula chitseko, anakhala pa mpando wa mng'ono wawo, bondo lawo litagunda kabokosi kotsekeka bwino. Amayi ndi anzawo anakwera kumbuyo ndi mabokosi opanda kanthu, mmodzi anamenya denga kawiri kuti tiyende.

Linali Loweruka, pa 12 Julaye 2025.