Tsiku Limene Ndinakoka Kalavani ya a Hamood

Ndinali chagada pansi pa kalavani ya Shamsa, girisi mpaka m'zigongono, pamene foni inayamba kulira m'thumba. Ndinaisiya. Inaliranso kachiwiri, kachitatu. Shamsa, amene anali atagwada pambali atandigwirira sipanala, anati, "Yankhani, amake Asila. Mwina ndi amuna anu, nkhunda zawo zija zadwala."

Sanali amuna anga. Anali mlongo wanga Saif, amene amasamala minda ya kanjedza kumtunda, m'tsinde mwa mapiri.

"Zuwaina, uli kuti?"

"Ku Mazra, m'khwawa. Tili ndi msonkhano wa makalavani."

"Tulukamo. Kuno yakhala ikugwa kuyambira m'mawa. Madzi angodutsa kumene kwathu kuno atasenza thanki ya munthu. Ndikukupatsa mphindi makumi anayi, mwinanso osakwana."

Ndinatulutsa mutu n'kuyang'ana kumwamba. Kunali koyera ngati mbale yotsuka. Chakumadzulo kokha, pamwamba pa mapiri, n'kumene kunali kamdima kochepa koti munthu akanatha kukabisa ndi chikhatho.

Pagulu limeneli ine sindinali munthu wofunidwa. Tinalipo eni makalavani oposa makumi asanu ndi limodzi a m'mbali mwa gombe la Batinah, ndipo tinkauzana zinthu pafoni: kumene kwabwera matayala abwino, katsekedwe ka denga lodontha, msewu umene wakumbika. Mkazi wodzikokera yekha kalavani ndinali ine ndekha. Ndinakulira m'galaja ya bambo anga ku Suwaiq, ndinagwira unamwino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo nditapuma ndinagula chibokosi chakale chodontha n'kuchikonza ndi manja anga kwa miyezi isanu ndi inayi. Amuna anga sasiyanitsa sipanala ndi sipuni. Iwo amatsala kunyumba ndi nkhunda zawo, ine ndimapita, ndipo tonse timakhala pamtendere.

Malangizo anga a zitsulo anthu ankawalandira. Chinandidanitsa chinali mvula. Kawiri konse ndinachenjeza gulu kuti kukubwera madzi, ndipo kawiri konse sikunagwe ngakhale dontho. Ulendo wachiwiriwo msonkhano unabalalika, anthu anakadyera nyama yawo m'magalimoto dzuwa likuswa mtengo. Kuyambira pamenepo anayamba kunditcha Amake Mitambo. Kenako a Hamood, mkulu wa gulu, amenenso ndi amuna ake a Shamsa, anandichotsa pagululo ndi uthenga wa mzere umodzi: "Pano timakamba za makalavani, za nyengo zili ndi eni ake."

Ku msonkhano wa ku Mazra ndinapita wosaitanidwa. Khwawa lilibe mwini. Ndinaimika kalavani yanga kumapeto kwenikweni, yolumikizabe ku galimoto, mphuno italoza kotulukira. M'khwawa ine sindimasula.

Amuna anali pamphasa pansi pa mtengo waminga, akumwa khofi ndi zipatso za kanjedza. Chapatali pang'ono panali dzenje limene anakwiriramo mbuzi ziwiri dzulo lake, zokuta m'masamba a nthochi, pamwamba pa makala. Ankati alifukule ikatha swala, pemphero la madzulo. Mbuzizo anapereka ndi a Hamood, ndipo anali akuzikamba kuyambira mwezi wathawo.

Ndinapita mmene ndinalilimo, nsapato kumapazi, girisi kumaso.

"A Hamood, madzi akubwera. Mlongo wanga wawaona ndi maso ku Hail. Tichotse makalavani tsopano lino."

A Hamood sanadzuke. Anakweza kakapu kawo kumwamba ngati akudikira kuti mvula igweremo, n'kukayang'ana m'kati.

"Palibetu chagwera, amake Asila."

Amuna anaseka. Wina anati, "Amake Mitambo afika. Ndimadabwa kuti lero kwangoti zii bwanji."

"Kawiri ndinalakwa," ndinatero. "Ndikuvomera. Munataya chiyani? Tsiku limodzi ndi nyama yozizira. Lero mukalakwa inu, mutaya chiyani?"

"Mayi, munachotsedwa pagulu. Mwabwera ngati mlendo, takulandirani. Mlendo saphwasula nyumba ya eni ake."

"Pagulu munandichotsa, koma m'khwawa tilimo tonse."

"Nyama ija yatsala ndi ola limodzi. Tikadya, tikapemphera, tiona."

"Madzi sadikira swala."

Apo nkhope yawo inasintha. "Samalani pakamwa," anatero motsitsa.

Ndinatembenuka n'kulunjika kwa amayi, amene anali kuseri kwa makalavani akutsuka mpunga. Kumeneko sindinapemphe chilolezo cha wina aliyense. Ndinayatsa mawu amene Saif anali atangonditumizira, n'kukweza foni m'mwamba. Mawu ake sankamveka bwino chifukwa cha mkokomo umene unali kumbuyo kwake, ndipo mkokomowo ndi umene unalankhula.

"Tengani ana mukwere chitunda icho," ndinatero. "Mapoto asiyeni. Ndikakhala ndanama kachitatu, mudzandimete mpala nokha."

Shamsa ndi amene anayamba. Anapukuta manja, ananyamula mdzukulu wake, n'kuuyamba. Ena anatsatira, mmodzimmodzi poyamba, kenako onse, akukoka ana amene ankalirira mipira yawo. Amuna ataona akazi awo ali mdipiti kukwera chitunda, pamphasa paja panayamba kuchepa anthu. Wina anati akukangoona tayala. Wina anati waiwala kutseka gasi. Posakhalitsa ndinamva injini ikulira, kenako ina.

A Hamood anatsala pafupi ndi dzenje lawo, manja kumbuyo. Ndinawadutsa popita ku galimoto yanga, ndipo sanandiyang'ane.

Ndinali nditakhala kale pampando, kiyi ali m'manja, pamene mphepo inasintha. Inabwera yozizira kuchokera kumtunda, ikununkha dothi lonyowa ndi ndowe za mbuzi. Patali kunkamveka ngati malole ambiri akutsika phiri.

Shamsa anatsika chitunda akuthamanga, mpango utagwera m'khosi. Anamenya galasi langa.

"Alamu anga. A Khalfan ali m'kalavani mwathu."

Ndinali nditawaiwala. A Khalfan ndi akulu awo a Hamood, munthu wathupi, amene anafa ziwalo zaka zitatu zapitazo. Chaka chilichonse a Hamood ankabwera nawo ku msonkhano kuti amveko fungo la kunja. Ankagona pabedi lomangirira kukhoma, chipangizo cha mpweya chili pambali. Kuwalowetsa pakakhomo kaja kunkafuna amuna anayi ndi kuleza mtima, ndipo amuna anayiwo tsopano aliyense anali kulimbana ndi kalavani yake.

"Galimoto yanu ili kuti?"

"Yapita kutauni kukatenga ayezi. Sinabwerere."

Ndinayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Kalavani yanga inali pomwepo, yoyera, ndi mzere wobiriwira umene ndinapenta ndekha. Njira yotulukira inali patsogolo panga, yopanda kanthu. Ndinatsika, ndinatsitsa jeke, ndinachotsa unyolo, n'kuimasula.

Nditabwerera chammbuyo mpaka pa kalavani yawo, ndinapeza a Hamood atagwada, akupukusa ndi dzanja mwendo umodzi mwa miyendo inayi yochirikiza kalavani. Chitsulo chinali chitachita dzimbiri ndipo sichinkayenda. Thukuta linali litanyowetsa mkanjo wawo woyera.

"Chokani apo," ndinatero.

"Ndi kalavani yanga."

"Ndi akulu anu. Lowani mukawagwire mutu, msewu ndi wa miyala."

Anandiyang'ana kamphindi. Kenako anadzuka n'kulowa.

Ndinali ndi kamakina kanga ka batire komangira ndi kumasulira zitsulo. Miyendo itatu inakwera msanga. Wachinayi, wa dzimbiri uja, unakana. Ndinauthira mafuta, ndinaumenya ndi hamala, unakanabe. Nditakweza maso ndinaona madzi. Sanabwere ngati khoma mmene anthu amanenera. Linali lilime lakuda lothamanga pamiyala, litasenza zinyalala, nthambi ndi mabotolo, ndipo kumbuyo kwake khwawa lonse linkayenda.

Ndinasiya mwendowo uli pansi. Shamsa anandilondolera ndi manja, chokokera chinalowa ulendo woyamba, ndinakhoma loko, tonse tinalumphira m'galimoto. Nditaponda mafuta, mwendo uja unalima pansi ngati khasu, unapindika, n'kuthyoka. Madzi oyamba anatipeza tili pakati pa khwawa. Anafika theka la matayala. Ndinamva kalavani ikufuna kutembenukira kumanzere, ikukoka galimoto kumchira. Shamsa ankatchula dzina la Mulungu mosalekeza. Ine ndinkalankhula ndi galimoto, mawu amene bambo anga ankagwiritsa ntchito m'galaja, amene sindingawalembe pano.

Matayala akutsogolo anagwira mwala wouma, ndipo tinakwera.

Pamwamba pa chitunda anthu anali ndondondo m'mphepete. Tinawerengana mabanja, ana, antchito. Panalibe wosowa. Makalavani khumi ndi anayi anatuluka. Atatu anatsala. Ndinaima n'kuonerera yanga ikudzuka pang'onopang'ono, ikuzungulira kamodzi ngati ikufuna kuona amene anaisiya, kenako inagona cham'mbali n'kupita. Pamene panali dzenje la mbuzi panatuluka nthunzi pang'ono, basi.

Ndinalowa m'kalavani ya a Hamood kukaona wodwala, poti unamwino sautaya. A Khalfan anali bwino, mtima ukugunda mofulumira koma molongosoka. A Hamood anali atakhala pansi, mutu wa akulu awo uli m'manja mwawo, ndipo sanausiye ngakhale tinali titaima kalekale.

Patapita masiku awiri Saif anandiimbira kuti abusa aona chinthu choyera chitakodwa m'mitengo, makilomita anayi kunsi kwa Mazra. Ndinanyamula fosholo, ndowa ziwiri, unyolo ndi bokosi la zitsulo. Amuna anga anandiperekeza mpaka pageti, nati, "Ukaipeza yafa, usakalimbane nayo." Ndinawauza kuti akadyetse nkhunda.

Ndinaipeza itatsamira mtengo, mawindo onse kulibe, khomo litapindika. M'kati matope anafika m'chiuno. Ndinakwawira pansi n'kuunika chitsulo chachikulu chimene thupi lonse limakhalapo. Chinali chowongoka. Ndinayamba kukumba.

Cha m'ma teni ndinamva galimoto ikuima. Anatsika a Hamood okha, mkanjo wochapa kumene, wosita bwino, akununkhira lubani. Anaima patali pang'ono, pouma.

"Mtendere ukhale nanu, amake Asila."

"Nanunso mtendere." Sindinasiye kukumba.

"A Khalfan akupereka moni. Amalankhula movutika, koma dzina lanu alitchula."

"Mukawauze kuti ndamva."

Anakhosomola. "Ndakambirana ndi Shamsa. Kalavani yathu ija tikufuna muitenge. Ndi yatsopano, ya chaka chatha chomwechi. Mwendo umodzi wokha ndi umene ukufunika kukonza."

"Mwendowo ndikuudziwa."

"Ndiye muitenge."

"Ndili nayo kale kalavani."

Anayang'ana chibokosi changa, denga lofwanyika, nthambi itatulukira pawindo la kukhitchini. "Mayi, iyi yatha."

"Yatha ndi penti. Mafupa ali bwino. Mvula ya ku Salalah ikamayamba, gulu likamanyamuka ulendo wa kumeneko, iyi idzakhala ili pamsewu, ndipo mukadzachedwa kunyamuka ndidzakupitirirani panjira, pa Haima."

"Nanga ndichite chiyani? Munthu sangangokhala ndi chinthu chotere pamtima."

Ndinaimika fosholo. Msana unkandiwawa, ndipo matope anali atandilowa mpaka m'makutu. Ndowa zonse ziwiri zinali zitadzaza pakhomo.

"Zimenezo zikufunika kukataya," ndinatero.

Anayang'ana ndowazo, anayang'ana nsapato zawo zachikopa. Kenako anazivula n'kuziika bwinobwino pamwala. Anapinda mkanjo mpaka m'mawondo, n'kulowa m'matope mozengereza ngati munthu wolowa m'nyanja nthawi yozizira. Ananyamula ndowa zonse ziwiri. Atangoyenda mapazi asanu anaima kuti akhuthule.

"Osati pamenepo, a Hamood. Pamenepo ndipodutsa matayala. Uko, kuseri kwa mtengo."

Anawongoka, matope akuyenderera m'mikono mpaka m'manja mwa mkanjo, n'kupitiriza kuyenda.