Achimwene Anabwera ndi Hamala

Achimwene anafika m'mawa wa Khirisimasi, ife titangobwera kuchokera kutchalitchi. Baibulo linali kukhwapa, hamala m'thumba la jekete. Hamalayo sindinaione. Ndinangoona nkhope, n'kudziwa kuti munthuyu sanabwere kudzadya.

Chaka chimenecho anali atalowa kagulu kopempherera m'galaja ya makaniko wina. Anasiya mowa, tonse tinathokoza, koma anayamba kuona Satana paliponse, ngakhale pa maluwa a makatani.

Amayi anali pabalaza, akukonza kakhola ka matabwa kamene malemu atate anasema. Atate anali kalipentala. Anasema Yosefe, Mariya, abusa awiri, bulu wa khutu limodzi lalitali kuposa linzake, ndi kamwana kogona modyera ng'ombe. Chaka chilichonse amayi ankakaika patebulo la pakona, pansi pa mtengo wapulasitiki wokulungidwa timagetsi.

"Lowa, mwana wanga, ukhale pansi," anatero amayi.

"Sindikhala m'nyumba ya mafano, amayi. Ndionetseni vesi lonena kuti Yesu anabadwa pa 25 Disembala. Palibe. Tsiku limeneli Aroma ankakondwerera dzuwa, akuluakulu a mpingo n'kungolisintha dzina. Mtengowu nawonso ndi wa anthu olambira mitengo. Mukugwadira thabwa."

"Tsikulo ine sindikulidziwa," amayi anayankha akuimika bulu uja. "Ngakhale lako anakulembera lolakwika kuchipatala. Koma kubadwa unabadwa."

Amuna anga, amene amawotcherera zitsulo, anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi mbale m'manja. Anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe, koma achimwene anakumva choncho.

Hamala inatuluka. Yoyamba inagwera Yosefe, mutu n'kudumphira pansi pa mpando. Yachiwiri inaphwanya denga la khola. Amayi anatambasula dzanja kuti aphimbe kamwana kaja, ndipo yachitatu inatera pa zala zawo. Ndinamva kulira kwa fupa, ngati munthu akuthyola nkhuni youma. Amayi sanakuwe. Anangokhala pansi, akuyang'ana dzanja lawo.

Amuna anga anaponya mbale n'kuwalumphira achimwene. Onse anagwera pa mtengo, tebulo linagubuduzika, timipira tagalasi tinasweka pansi pa misana yawo. Achimwene anawamenya hamala paphewa. Amuna anga anawapinda mkono mpaka hamalayo inagwa, kenako anayamba kuwasinja nkhonya kumaso. Manja a munthu wopinda zitsulo tsiku ndi tsiku si ochezera. Pa nkhonya yachinayi dzino linagwa pasimenti.

"Basi, bambo, mwawapweteka," ndinatero.

Sanandimve. Anatola chingwe cha timagetsi n'kuchizunguliza pakhosi pa achimwene, bondo lili pachifuwa. Miyendo ya achimwene inkapalasa magalasi, maso atatuzuka, lilime likuyamba kuda. Ndinakoka amuna anga malaya, malaya anang'ambika. Ndinawaluma khutu, osasiya. Ndiye ndinanyamula kampando kachitsulo kamene anawotcherera okha, n'kuwamenya nako kumsana ndi mphamvu zanga zonse. Anagwera cham'mbali, chingwe chinamasuka.

Achimwene anakoka mpweya ngati pampu yotha. Atatembenuka anaona amayi, magazi akuyenderera m'chigongono mpaka pa diresi yawo yatsopano.

"Amayi, ndani wakuchitani zimenezi?" anafunsa ndi mawu osasa.

"Ndiwe," anatero amayi. "Tapita ukaitane galimoto."

Achimwene sanathe kuimirira. Galimoto anaitana ndi aneba, amene anali atadzaza kale pawindo. Tinakwera tonse anayi kumbuyo kwa lole ya wogulitsa njerwa. Kuchipatala namwino anatiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa ngati inali ngozi ya pamsewu. Amayi anati inde. Wapolisi wa pageti atabwera ndi kabuku kake, amayi anabwerezanso bodza lomwelo, akumuyang'ana m'maso.

Achimwene madokotala anawamanga nsagwada ndi waya, ndipo anamwa phala ndi kapaipi milungu isanu ndi umodzi. Amuna anga anathyoka nthiti ziwiri, osati ndi hamala koma ndi kampando kanga. Mpaka lero sanandifunsepo za zimenezo, inenso sindinapepese.

Zala ziwiri za amayi zinauma, sizipindika. Mabatani a bulauzi ndimawamangira ine m'mawa uliwonse ndisanapite kukasoka kumsika. Achimwene amabwera Loweruka lililonse ndi mafuta otikitira. Amakhala pakhonde, amayi n'kuwapatsa dzanja, iwo n'kumatikita chala chimodzichimodzi, mutu uli pansi. Kugalaja kuja amapitabe. Amuna anga akamva geti ikulira, amatulukira khomo lakuseri n'kupita kuntchito, ngakhale kulibe chowotcherera.