Nkhosa Zitsogole

Pofika chaka cha 1987, m'mudzi wonse umene Filipo ankakhala, kuseri kwa mapiri a Ngauma, khola limene munkalirabe ziweto linali lake lokha. Makola ena anali atasanduka nkhuni. Anthu amfuti akabwera ankatsegula n'kukusa zonse, ndipo amene wapulumutsako kambuzi ankafulumira kukazinga yekha kuti nyamayo ilowe m'mimba mwa ana ake. Filipo anali ndi njira yake. Kumtunda kwa mudzi kunali chigwembe cha miyala chimene anachitchinga ndi minga, ndipo akangoona utsi kutsidya ankathamangitsira ziweto zake kumeneko, mbuzi atazimanga pakamwa ndi luzi kuti zisalire. Motero anatsala ndi mbuzi zisanu ndi nkhosa zinayi, yamphongo imodzi ya mchira wonona ndi zazikazi zitatu.

Ankazisamala kuposa mmene ankadzisamalira mwini. M'dzinja mbuzi ankazimangirira pazikhomo kuti zisalowe m'chimanga ndi m'fodya wa anthu, n'kumazisuntha katatu pa tsiku. Nkhosa sizigwirizana ndi matope, choncho khola lazo analimanga m'mwamba, pansi pake timitengo totalikirana kuti ndowe zizigwa. Loweruka lililonse ankazigwira imodziimodzi, kuzisenga ziboda ndi kampeni, kuzithothola nkhupakupa m'makutu. Mchere utasowa m'maloja, masitolo a kumeneko, ankazipatsa dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa kuti zinyambite. Anthu ankamuseka kuti amazindikira nkhosa iliyonse ndi katsokomoledwe kake, ndipo sankanama.

Mbewu ya nkhosazo inachokera kwa mlongo wake wamkulu, a Lurdes. Iwowa ndi amene anamulera amayi awo atamwalira, ndipo atakwatira anamupatsa kamsoti kamodzi kuti ayambirepo. Tsopano a Lurdes anali amasiye, akulera adzukulu atatu amene makolo awo anasowa pa nkhondo yomweyo.

Chakumapeto kwa chakacho anthu amfuti anabweranso n'kutentha nkhokwe zonse. Eni mudzi atatsika m'phiri anapeza phulusa lokhalokha. Chimanga cham'munda chinali chisanafike n'komwe m'mawondo. Chakudya chimene chinatsala chinali chinangwa cha kumadimba, ulendo wa ola limodzi. Koma njira ya kumeneko inali imodzi, yopanikizika pakati pa thanthwe ndi dambo lodzaza madzi, ndipo mayi wina amene anabisala chapafupi ananena kuti anawaona anthu aja atagwada m'njiramo, akukumba. Aliyense anadziwa kuti akwirira mabomba. Angati ndiponso pati, palibe amene ankadziwa.

M'mawa wina Filipo akuchotsa ndowe pansi pa khola, panafika a Ibraimo ndi amuna ena awiri. A Ibraimo anali a ku Mandimba, ankagulitsa nsomba zouma za ku Amaramba panjinga, mpaka nkhondo inawatsekera m'mudzi muno kwa akazi awo.

"Bambo Filipo, tabwera ndi pempho," anatero a Ibraimo atapereka moni. "Kwathu njira ikakayikitsa timatsogoza ziweto. Mbuzi sizithandiza, zimalumphira uku ndi uku. Koma nkhosa zimayenda mondondozana m'njira momwemo. Tibwerekeni zanuzi zitsogole mpaka kudimba, anthu tizitsata m'mbuyo."

Filipo anayang'ana m'khola. Zazikazi ziwiri zinali ndi bere, mimba zitagwa kale.

"Nkhosa n'chinthu chopepuka, a Ibraimo," anayankha. "Bomba analipangira phazi la munthu. Zidutsa bwinobwino, inu n'kumati njira ndi yabwino, kenako n'kuphulika ndinu. Anthu adzati wakuphani ndine."

"Ndinaziona ndi maso angawa zikugwira ntchito."

"Ndiye dikirani ziwirizi ziswe kaye. Sabata imodzi, mwina ziwiri."

"Nanga ana adya chiyani sabata ziwirizo?"

Filipo anawerama n'kupitiriza kupala ndowe. Mumtima ankadziwa kuti nkhani ya kupepuka ija inabwera pambuyo. Mtima unali utakana kale, pakamwa pankangofunafuna chonena.

A Lurdes anamva zonsezo, chifukwa anali atakhala pamtondo pakhonde, akucheza ndi Anastaziya, mkazi wa Filipo. Sanalowerere. Amuna aja atachoka, ananyamuka, kusuzumira m'khola, n'kunena kuti, "Yamawangayi iswa mapasa, achimwene." Basi anapita kwawo. Madzulo ake Filipo anakama mbuzi, n'kutumiza kachikho ka mkaka kwa adzukulu aja. Anadziona ngati wachitapo kanthu.

Tsiku lachitatu, dzuwa litangokwera pang'ono, Filipo anali mumkuyu akusadzira mbuzi masamba. Anamva chiphokoso chimodzi chakumadimba, mtengo wonse n'kunjenjemera, mbalame n'kubalalika. Asanatsike anaona Anastaziya akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Alamu anga!" anafuula mkaziyo. "Achemwali anu anatenga dengu ndi khasu m'mawa muja!"

Poyambira njira ija panali patadzaza anthu. Mawu a a Lurdes ankamveka patali, kuseri kwa thanthwe, akuitana dzina lake. Palibe amene anayerekeza kuponda. Filipo anabwerera kunyumba, kutsegula khola, kukusa nkhosa zonse zinayi n'kuzilowetsa m'njiramo, iye pambuyo ndi kamtengo.

Yamphongo inatsogola monga mwa masiku onse. Zinayenda mtunda ndithu, mitu pansi, ndipo Filipo anayamba kuganiza kuti mwina bomba linali limodzi lomwe lija. Kenako kutsogolo kunang'anima, dothi n'kumuwaza kumaso, iye n'kugwa chagada. Atadzuka m'makutu munkangolira. Pamene panali nkhosa yamphongo panali dzenje ndi ubweya wamagazi. Chinthu chopepuka chija chinali chitaphulitsa bomba.

Zazikazi zinathawira kutsogolo chifukwa kunalibe kwina kolowera, ndipo Filipo anatsata ziboda zazo m'matope mpaka anawapeza a Lurdes. Anali atatsamira mwala, phazi lamanzere palibe, mwendo atadzimanga okha ndi kapulana yawo, chitenje chimene anavala. Dengu linali chapatali, lopanda kanthu.

"Muziponda pomwe zaponda nkhosazo, achimwene," anatero ndi mawu otsika. "Musafulumire."

Anawabereka kumsana mpaka kumudzi. Kumeneko anamanga machira a nsungwi, n'kuyenda masiku awiri m'tchire, kulambalala msewu, kudutsa Mandimba, kuwoloka malire mpaka kuchipatala cha ku Malawi. A Ibraimo ananyamula kutsogolo kwa machirawo ulendo wonse, phewa mpaka kusupuka, ndipo sanatchule nkhani ya nkhosa ngakhale kamodzi. Filipo ankalakalaka akanamutukwana. Kuchipatala mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Atabwerera kumudzi anapeza anthu akudya chinangwa. Anali atayendetsa zazikazi zija kawiri konse mpaka kudimba ndipo sipanaphulikenso kanthu. Imodzi inataya bere chifukwa cha mantha, inayo inaswa bwino. Adzukulu a a Lurdes anawatenga Anastaziya.

A Lurdes sanabwererenso ku Ngauma. Atatuluka m'chipatala anakakhala pa Mandimba kwa mwana wawo wotsala, Kristina, kumene kunali asilikali olondera ndiponso njira zosafuna kukwera mapiri. Filipo anapeza nkhosa ina yamphongo posinthana ndi mbuzi ziwiri, ndipo khola linayambanso kudzaza. Ntchito ankaigwira yonse monga kale, kusenga ziboda, kusuntha zikhomo, kuthawitsira ziweto kuchigwembe. Koma akatseka khola sankaimanso n'kumaziyang'ana zikubzikula ngati mmene ankachitira.

Patapita zaka zitatu, nkhondo ikadalipo, anasankha misoti iwiri ya nkhosa yonenepa, kuimanga zingwe, n'kuyenda nayo mpaka ku Mandimba. Anawapeza a Lurdes pansi pa mtengo wa mango akusenda mtedza wogulitsa, ndodo zawo zili pambali. Anali atakalamba msanga.

"Ndabwera ndi izi, achemwali. Ndi zanu."

A Lurdes anaseka. "Ndizithamangitsa ndi mwendo uti? Chabwino, Kristina aona chochita nazo. Tabweretsani kuno iyo." Anaigwira mwendo wakutsogolo, kuyang'ana chiboda, n'kugwedeza mutu. "Mumasengabe bwino."

Anacheza za mvula, za adzukulu, za amene amwalira kumudzi. Kristina anabweretsa chinangwa chophika ndi tiyi wopanda shuga. Filipo ankangotembenuza kapu m'manja. Mawu amene anawayeserera njira yonse anali asanawanenebe.

"Achemwali," anayamba, "tsiku lija a Ibraimo anabwera, inu munali pomwepo. Munamva zonse. Bwanji simunanene kanthu? Bwanji simunandiuze kuti mukufuna kupita?"

A Lurdes anasiya kusenda mtedza n'kumuyang'ana.

"Ndikananena, mukanatsegula khola?"

Filipo anatsegula pakamwa kuti ati inde. Anakumbukira mmene anaimira m'mawa uja, khasu m'manja, maso ali pa mimba za nkhosa zija. Anaweramitsa mutu.

"Inenso ndinaopa zomwezo," anatero a Lurdes, osakweza mawu. "Ndinaona kuti bola ndisadziwe." Anatola mtedza wina n'kupitiriza kusenda. "Imwani tiyiyo, akuzizira. Mukawauze ana aja kuti azithandiza a Anastaziya kumunda."

Filipo anamwa. Dzuwa litapendeka anamangirira misoti ija pamthunzi, n'kumuuza Kristina kuti asamaidyetse msipu wa mame chifukwa imatsegula m'mimba. Anatsanzika, a Lurdes n'kumugwira dzanja ndi manja awiri monga ankachitira nthawi zonse. Ulendo wa ku Ngauma unali wa masiku awiri. Njira yonse ankabwereza funso lija, kuliyankha m'njira iyi ndi iyo, ndipo pofika pamudzi anali asanapezebe yankho limene akanatha kubwerera nalo kwa mlongo wake.